Chitsime cha Amai ndi Mawu Atatu a Chizungu

Dothi la pansi pa chitsime lili ndi fungo lake, lozizila ngati la mtsuko watsopano. Ndikalimva ndimakumbuka chilimwe chimene ndinali mu giledi 7 ku Nyampande. Chaka chimenecho kamtsinje ka m'mbali mwa dimba lathu kanauma mpaka kutsala mchenga.

Atate anali atamwalila. Tinatsala awili, ine ndi amai, amene anachoka ku Tete nthawi ya nkhondo ndipo sanabwelelenso. Dimba ndilo linkatidyetsa. Mbande za matimati zinali pa nazale, ndipo masana zinkagona pansi ngati zathilidwa madzi otentha. Madzi otunga kutali sankakwana. Amai anati akumba chitsime m'dambo. Amuna a m'mudzi anati mkazi salowa m'dzenje. Amai anangokabweleka piki.

Kusukulu aphunzitsi athu, a Lungu, ankatikonzekeletsa mayeso. Anali munthu wofatsa, wobweleza chinthu mpaka wa kumbuyo amve. Tsiku lina anatiphunzitsa mawu a Chizungu onena za kutha kwa ntchito. "Finish" ndi kufika kumapeto. "Complete" ndi kuchita zonse osasiyako kanthu. "Succeed" ndi pamene chimene unkafuna chachitikadi. Mawuwo ndinawakonda, ndinkawanena ndekha m'njila.

Ndikaweluka ndinkapita kudambo. Amai amakhala pansi, ine pamwamba kukoka ndowa ya dothi. Nyenje zinkalila mpaka makutu kuwawa, chingwe chinkandisenda manja. Chizungu amai sankachidziwa, koma ankafunsa ali m'dzenjemo kuti lelo ndabwela ndi chiyani. Ndinawauza mawu atatuwo ndi matanthauzo ake. Anamvetsela piki ili m'manja, thukuta likudontha kuchibwano. Anati awili oyambawo ndinganene madzulo alionse tikamaweluka, koma lachitatulo ndilisunge.

Dothi lakuda linatha, kunabwela lofiila, kenako dongo lomata. Tsiku lina dzuwa litapendeka madzi anatulukila pamapazi pawo. Ndinalumpha, ndinafuula liwu lachitatu lija mpaka mbuzi zinathawa.

"Khala chete, Zuze. Tsitsa ndowa."

Anakapa madzi onse, ine ndikukoka ndi kukathila mbande. Ndinakwiya. Tavutika kuwapeza, tsopano tikuwachotselanji? Atatuluka anandiuza kuti kwawo chitsime sachikhulupilila tsiku loyamba. Madzi ena amangobisala m'dongo, otsala a mvula yapita, ndipo ukawachotsa sabwelanso. Madzi enieni amabwelela okha, munthu ali kunyumba.

M'mawa tinapezamo matope ndi chule mmodzi. Amai analowa, anamenya piki, piki inalila pathanthwe. Anatuluka. Anayenda m'dambo pang'onopang'ono akuyang'ana pansi, mpaka anaima pafupi ndi mkuyu pomwe udzu unali ukadali wobiliwila. Anayambanso pamenepo.

Mbande zinali zikufa, mzele wa m'mphepete unali utauma kale. Manja a amai anang'ambika, anawakulunga ndi nsanza za chitenje. Amuna aja ankaima panjinga zawo, kusuzumila, kupukusa mitu. Mmodzi anabwela ndi chingwe chatsopano, anachisiya pamulu wa dothi nkumapita. Ine madzulo alionse ndinkanena "finish", amai nkuvomela ndi mutu, tikumapita.

Madzi atatulukanso ndinaluma mlomo. Tinakapa onse mpaka ndowa inayamba kukwela ndi matope. M'mawa mwake, ndisanavale yunifomu, tinapita. Ndinasuzumila. Pansi panali madzi, ndipo m'madzimo munali thambo ndi mitu yathu iwili. Amai anatsitsa ndowa, analawa, anandipatsa. Madziwo anali ozizila, akununkha dongo.

"Tsopano nena liwu lako lija."

Ndinalinena motsitsa. Iwo analibweleza kamodzi, bwinobwino, kenako anati ndithilile dzuwa lisanakule. Mbande zotsalazo zinadzuka. Matimati ake tinakagulitsa ku Petauke mvula yoyamba ikugwa, ndipo njala sinalowe m'nyumba mwathu chaka chimenecho.

Mayeso ndinalemba, koma sindinasankhidwe. Sukulu yanga inathela pamenepo, ndipo Chizungu chambili cha a Lungu chinanditayika. Mawu atatuwo anatsala.

Lelo ndimamanga nyumba ku Nyimba. Lata lomaliza likakhomedwa, anyamata anga a ntchito amafuula "finish", ndipo ndimawaleka, atopa. Ndili mwana ndinkayesa amai ndi ouma mtima, osafuna kuona munthu akusangalala. Tsopano nanenso liwu lachitatu ndimalisunga. Ndimadikila mvula yoyamba, kenako ndimapita kukafunsa mwini nyumba ngati anagona pouma.