Khonde la Mayi Fyness ku Chowe

Mayi Fyness anabadwira ku Nkope, m'banja la asodzi. Iwo eni anachedwa kudziwa kuwerenga, ndipo anabwereza kalasi mpaka anzawo kumawaseka. N'chifukwa chake atamaliza kosi ya uphunzitsi n'kutumizidwa ku Chowe, maso awo ankakhala pa ana akumbuyo, osakweza mkono aja.

Ana otere ankawaitanira pakhonde pawo sukulu ikaweruka. Ndodo sankagwira. Ankayamba n'kucheza naye mwana m'Chiyao, kumufunsa za mbuzi za kwawo, ndipo mantha akamutha ankamulembetsa dzina lake pansi ndi chala. Buku linkabwera pambuyo.

Mmodzi mwa anawo anali Atumani, amene bambo ake anali atanena kale kuti sukulu si yake. Mayi Fyness anapita kukawadandaulira, nalimbana naye mnyamatayo mpaka anasankhidwa kupita ku sekondale. Patapita zaka anabwerera pasukulu pomwepo ali mphunzitsi wamkulu, ndipo woyamba kululutira anali mayiwo.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anayamba kufika ndi mitolo pamutu. Ana awo anali akuluakulu koma ambiri anali asanalowepo m'kalasi. Khonde lija linadzaza. Panali mtsikana wina, Leticia, amene ankati akamva galimoto amathawira kuseri kwa nkhokwe. Mayi Fyness sankamukoka. Ankamutsatira komweko, n'kukhala naye pansi, phunziro n'kupitirira. Mvula isanagwe, Leticia anali akuwerenga.

Mbiri inamveka, ndipo kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza othawa nkhondo. Anthu anasonkhana pasukulu, Leticia anawerenga, alendo anaomba m'manja. Kenaka anafunsa kuti anayambitsa zimenezi ndani.

Atumani anaimirira. "Ndine," anatero. "Mayi awowo amangotisungira ana masana. Akula, ndipo njira zawo n'zachikale. Mukatimangira kalasi, ana awa aphunzira zenizeni."

Mayi Fyness anali atakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo. Anamva zonse. Amayi ena anawacheukira, koma iwo anangoyang'ana pansi.

M'mawa mwake Mayi Fyness analowa mu ofesi ya Atumani osagogoda.

"Atumani, mwanangu, mawu aja unalankhula ukundiona?"

"Amayi, musazitengere kumtima," anayankha iye maso ali pawindo. "Alendo aja amamvera munthu waudindo. Ndikanatchula inu, akanapita kwina."

"Sindikufuna kutchuka. Ndikufunsa za zachikale zija. Iwe unadziwa kuwerenga ndi njira iti?"

Atumani anangowauza kuti kalasi yatsopano ikatha, zapakhonde zitheretu, chifukwa alendo akadzaziona adzasokonezeka.

Kalasi inamangidwa, yamalata onyezimira. Ana anathinana m'menemo kwa mphunzitsi mmodzi wolankhula Chingerezi ndi Chichewa basi. Ochenjera anapitirira. Akumbuyo aja anayamba kujomba mmodzimmodzi, ndipo Leticia anasiya chaka chisanathe. Mayi Fyness ankakumana naye panjira atasenza nkhuni, mtsikanayo n'kugwada kupereka moni. Nkhondo itatha Leticia anabwerera kwawo ndi makolo ake. Atumani anakwezedwa pantchito n'kusamukira ku boma.

Mayi Fyness anapuma ntchito nabwerera ku Nkope. Kumeneko ankathandizabe ana a asodzi, koma za ku Chowe sankafuna kuti munthu aziyambitse.

Tsiku lina mayiwo akudwala, Atumani anabwera kudzawazonda, atanyamula shuga ndi buledi. Mayiwo anauza mlongo wawo kuti amupatse mpando.

"Mwatiyendera, ahedi," anatero. "Ntchito ikuyenda?"

"Amayi, ndine Atumani, mwana wanu."

"Ndakuonani, ahedi."

Anacheza za mvula ndi za kusowa kwa usipa. Atumani atatsanzika, iwo anangogwedeza mutu, natembenukira kukhoma.