Makompyuta Atatu Amene Anati Anapsa

Ndili mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya kwa Chapananga, tinalandira makompyuta akale asanu ndi atatu, mphatso yochokera ku mpingo wina wa ku Blantyre. Anafika pa lole, ali mbuu ndi fumbi, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Poti ku koleji ndinagwirako makompyuta, ntchito yowalumikiza inagwera ine.

Ndinaikamo pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, kenako ndinalowetsa nthambo kuti onse azilankhulana. Asanu anagwira tsiku lomwelo. Atatu ankayaka, koma pa zolankhulana ndi anzawo anangoti duu.

Bambo amene anabweretsa mphatsoyo ndinawaimbira foni. Sanachedwe kuyankha. "Amenewo makhadi a netiweki anapsa, madamu. Ingowaikani pakona."

Mawa lake ahedi, mayi wachikulire wochokera ku Nsanje amene ankathira Chisena m'mawu akatopa, anandiitana mu ofesi.

"Ndiye titaye atatuwa?"

"Ayi, ahedi. Makhadi sanapse. Kompyuta ikuona kuti m'kati mwake muli chinthu, koma sikuchidziwa. Ikusowa dalaivala."

"Dalaivala wa chiyani? Galimoto tilibe pano."

Ndinawafotokozera kuti ndi kapulogalamu kakang'ono kouza kompyuta mmene ingalankhulire ndi khadilo. Iwo anangoti ndichite zimene ndikudziwa.

Khadi lililonse lili ndi manambala ake awiri: ina ya kampani yopanga, ina ya mtundu wa khadilo. Kompyuta imawerenga manambala amenewa ikamayaka, n'kufufuza dalaivala wogwirizana nawo. Nditafufuza pa makina awiri mwa atatu aja, ndinapeza kuti manambala awo ndi osiyana ndi a asanu aja. Kunja onse anali ofanana ngati mapasa, koma eni ake akale anasinthamo makhadi. Ndinalemba manambalawo kumbuyo kwa pepala la mayeso.

Kwathu kuja netiweki ya foni inkagwira pokhapokha utaima pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ngakhale pamenepo sinkatha kutsitsa kanthu. Choncho Loweruka ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku boma la Chikwawa, tikupatukira ng'ombe ndi mbuzi njira yonse. Kumeneko ndinafufuza pa intaneti ndi manambala aja, n'kutsitsira dalaivala pa fulashi.

Lolemba makompyuta awiri anagwira ndisanamalize n'komwe kumwa tiyi. Yachitatu ndiyo inandivuta. Imeneyo sinkaonetsa nambala iliyonse, ngati mulibe khadi. Ndinabwereka sikuludalaivala kwa alonda a pasukulu n'kutsegula. Khadi linali litatuluka theka m'malo mwake chifukwa cha mabampu a msewu wathu. Ndinachotsa fumbi ndi nthenga ya nkhuku, n'kulikanikiza mpaka linati tswa. Nditayatsa, manambala anaoneka, omwe aja a makina awiri ena.

Ahedi anabwera masana, anaima pakhomo kuyang'ana ana a Fomu 3 atadzadza mipando, atatuatatu pa kompyuta imodzi.

"Onse akugwira?"

"Onse, ahedi."

"Manambala anuwo muwalembe m'kati mwa bokosi la kompyuta iliyonse. Mukadzasamutsidwa, wobwera asadzavutike."

Ndinawalemba ndi cholembera chofiira chimene ndinkachongera mayeso. Ndinaphunzitsanso aphunzitsi a Chingerezi mmene angawapezere, ndipo patapita miyezi ingapo ndi iwo amene anakonza makina a sukulu ya pulaimale yoyandikana nafe.