Telala Amene Ankayeza Maso a Ana

A Telala ndinakhala nawo khomo ndi khomo zaka zambiri. Ine ndinkameta, iwo ankasoka, ndipo khoma la matabwa lotilekanitsa linali lopyapyala moti ndikayetsemula ankandipepesa osaimitsa makina. Anali munthu wamfupi, wadazi lowala, tepi yoyezera ili m'khosi kuyambira potsegula mpaka potseka. Ankakonda kundiseka kuti, "A Ometa, mumsewu muno mudzadyera mitu yonse, koma wanga uwu iwalani."

Sukulu anaisiyira panjira ali aang'ono bambo awo atamwalira, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, wobadwa iwo ndi akazi awo atataya kale mtima. Ankamuitana kuti Mayi, ndipo msewu wonse unatengera pomwepo.

Zonse zimene makolo amalangizidwa kuchita kuti mwana akhoze kusukulu, a Telala anazichita. Anacheka mbali ya tebulo lawo lodulirapo nsalu n'kumupangira Mayi desiki pakona ya shopu. Mwanayo akaweruka, wailesi inkazimitsidwa. Yunifolomu yake inali yosita bwino kuposa ya mwana aliyense. Kumisonkhano ya makolo ankafika mipando isanayalidwe, ndipo ankathandiza kuyala.

Koma mayeso akabwera, Mayi ankakhala kumchira.

Aphunzitsi ankati mwanayo ndi waulemu koma maganizo ake sakhala m'kalasi, amangosuzumira za anzake. Kalasiyo inali yodzaza mpaka pakhomo, ndipo popeza Mayi anatengera msinkhu wautali wa mayi ake, ankamukhazika kumbuyo kwenikweni. Atabwereza kalasi anakhala wamtali kuposa onse, ndiye kumbuyoko kunasanduka kwawo. Anzake anayamba kumutcha Agogo.

Chimene chinkawazunguza mutu a Telala n'chakuti pakhomo mwanayo anali wochenjera. Nkhani ukamuuza kamodzi ankaigwira. Ulusi ukawavuta kulowetsa pasingano, ankangoti, "Mayi, tabwera," iye n'kulowetsa kamodzi kokha. Ankanyadira kwa makasitomala kuti, "Maso a mwana uyu ndi akuthwa kuposa singanoyo." Ndiye ngati mutu uli bwino, maso ali bwino, chotsala n'chiyani? Anagamula kuti ndi ulesi.

Kuyambira pamenepo munthu wanthabwala uja anauma mtima. Anamuletsa kusewera ndi anzake. Anamupezera mphunzitsi wapadera, ndipo kumeneko, atakhala pafupi ndi buku, Mayi ankachita bwino ndithu, zimene zinangowonjezera mkwiyo wa bambo ake. Tsiku lina ndinawamva akukalipa:

"Ndikusokerenso yunifolomu ya kalasi yomweyomweyo? Anthu aziti telala uja mwana wake akukalambira pa benchi limodzi?"

Akazi awo, amene ankagwira ntchito yochapa pa hotela ina, ankawadandaulira kuti, "Bambo ake, mufunseni mwanayu bwinobwino."

"Ndimamufunsa tsiku lililonse."

Zoona ankamufunsa, koma funso lake linali limodzi: walephera bwanji? Ndipo Mayi ankangoweramitsa mutu.

Zinadziwika mwangozi, mwanayo atafika kale pa utsikana. Masana ena a Telala anakapereka suti kwa kasitomala pafupi ndi sukulu, ndipo pobwerera anapeza ana akuweruka. Anaima tsidya lina la msewu n'kumukwezera dzanja Mayi. Mwanayo anayang'ana komwe anaimako, maso ndi maso, n'kupitirira ngati waona mtengo.

A Telala anafika kushopu atapsa mtima. Mayi atalowa, sanamulole n'kutula chikwama komwe.

"Wayamba kundichitira manyazi pamaso pa anzako?"

"Liti, ababa?"

"Pompano! Ndakukwezera dzanja, iwe n'kundidutsa."

"Sindinakuoneni."

"Ndinali tsidya la msewu chabe!"

Mwanayo anadabwa moona mtima. "Kodi munthu ali tsidya la msewu n'kumuzindikira nkhope?"

Ine ndinali ndi kasitomala pampando, koma ndinaimitsa lumo. Kenaka ndinamva a Telala akunena motsitsa mawu kuti, "Taima pakhomopo. Werenga mwezi umene walembedwa pa kalendala iyo."

"Ndikuona kuti pali chofiira, ababa."

"Nanga pa bolodi kusukulu umaona chiyani?"

"Ndimamva choko chikulira. Ndiye ndimadikira mnzanga alembe kuti ndikopere. Akabisa, basi."

"Zaka zonsezi? Bwanji sunanene, Mayi?"

"Ndinkayesa aliyense amaona choncho. Ndinkangoti anzanga ali ndi nzeru zodziwira zimene aphunzitsi alemba, ine ndilibe."

Tsiku limenelo makina sanalirenso.

Kuchipatala adokotala anati maso a mwanayo amaona zapafupi zokha, ndipo mwina anabadwa choncho. Anamupatsa magalasi okhuthala. A Telala anandiuza kuti pobwerera m'basi, mtsikana wamkulu uja ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu ngati mwana wa kalasi yoyamba, mpaka anthu kumacheuka. Atatsika anaima pansi pa mtengo umene ankaudutsa tsiku ndi tsiku n'kunena kuti, "Ababa, masamba amaoneka limodzilimodzi chonchi?" Iwo anayang'ana kumbali kuti asawaone misozi, koma tsopano mwanayo ankaona zonse.

Tonse tinkaganiza kuti nkhani yathera pabwino. Aphunzitsi anamusamutsira kutsogolo, ndipo a Telala anayambiranso nthabwala. Koma masamu a kalasi imeneyo anamangidwa pa masamu a zaka zimene Mayi sanaone bolodi. Ankaona zolembedwa bwinobwino, osadziwa kumene zachokera. Ana okhala kumbuyo kwake, amene ankamulekeza m'mapewa, ankakuwa kuti, "Agogo akutitchinga!" Chaka chisanathe, m'mawa wina anapinda yunifolomu yake bwinobwino n'kuiika pa tebulo lodulira.

Bambo ake anamunyengerera, anamulonjeza sukulu ina, mpaka anagwada pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Mayi anawadzutsa n'kuwasasa maondo.

"Ababa, ndatopa kukhala chitsiru cha kalasi. Ndiphunzitseni makina."

Anamuphunzitsa. Pasanapite nthawi ankasoka kolala yosalala kuposa yawo, ndipo akazi a mumsewu wathu anayamba kufuna kuti madiresi awo adule ndi iyeyo. A Telala ankayamikira, koma kumwetulira kwawo kunkathera pamilomo.

Ndi nthawi imeneyo pamene anayamba khalidwe limene anthu ambiri amawakumbukira nalo. Sukulu zikamatsegulira, makolo ankabwera ndi ana kudzayezetsa yunifolomu. Akamaliza kuyeza mapewa ndi chiuno, ankamuuza mwana kuti aime pakhomo, atseke diso limodzi ndi chikhatho, awerenge kalendala. Wamng'ono wosadziwa kuwerenga ankamuonetsa batani ali patali kuti anene mabowo ake. Kenaka ankamufunsa motsitsa, ngati akugawana chinsinsi: "M'kalasi umakhala pati? Aphunzitsi akamalankhula umamva? Alipo amene amakuvutitsa?"

Makolo ena ankathokoza. Ena ankakwiya. Bambo wina wovala tayi anawauza kuti, "Madala, tabwera kudzasoketsa kabudula, osati kusikelo," ndipo sanabwerenso, ngakhale mwana wake analephera kuwerenga ndi manambala akuluakulu omwe. A Telala anadandaula za mwana ameneyo kwa nthawi yaitali. Ana angapo anawapezadi ndi vuto, makolo awo n'kupita nawo kuchipatala, ndipo mayi wina anabwera kudzawagwira dzanja mwana wake atakhoza mayeso. Ndinawauza kuti, "Mwaona, akulu, mwapulumutsa ana a eni."

Anayankha akupitiriza kudula nsalu: "A eni, inde. Wanga ndinamugulira zonse, A Ometa. Ndinkayang'ana makope, ndinkayang'ana malikisi, mwini wakeyo osamuyang'ana. Madzi akatayika saoleka."

Atakalamba anadwala matenda oumitsa ziwalo, dzanja lamanja n'kusiya kugwira. Mayi, amene tsopano anali pabanja ndi dalaivala wa basi, ankawasambitsa ndi kuwadyetsa yekha. Ali m'chipatala komaliza ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza akulimbana ndi lilime lolemera kuti alankhule.

"Mayi... undikhululukire."

Iye anawakonzera pilo. "Imwani mankhwala, ababa."

"Wandimva?"

"Ndamva. Imwani kaye."

A Telala anamwalira mawa lake. Patapita miyezi, Mayi anandiuza kuti sanawasungire chakukhosi, kungoti mawu anakana kutuluka, ndipo ankaganiza kuti mpata udzapezeka.

Shopu ija ilipobe, ndipo tsopano muli makina atatu ndi atsikana ophunzira ntchito. Mayi ali ndi ana awiri, onse ali pasukulu ndipo amakhoza. M'mawa uliwonse amawaperekeza, chikwama cha wamng'ono atanyamula yekha, koma amathera pageti. Kukakhala msonkhano wa makolo mwamuna wake ndiye amapita, ngakhale zitatanthauza kupempha tchuthi kuntchito. Mayi akuti akangomva fungo la choko, miyendo imamulemera.