Kachitsulo m'chikope cha a Injiniya

Amuna anga, a Gibson, anakhala zaka makumi awiri akuwotcherera zitsulo m'mphepete mwa msewu ku Ndirande. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Magalasi otchingira maso ankavala akakumbuka. Ana athu atatu anaphunzira ndi moto umenewo, ndipo ine ntchitoyo sindinachitepo nayo manyazi.

Manyazi anagwira eni ake titasamukira kunja kwa dziko, ku Wakefield, komwe tonse awiri tinapeza ntchito yosamalira okalamba. Lamlungu loyamba kutchalitchi tinakumana ndi Amalawi anzathu, ambiri manesi, ena a madigiri awiriawiri. Pa tiyi wina anafunsa a Gibson zomwe ankachita kumudzi. Iwo anakonza tayi n'kuyankha kuti, "Ndinali injiniya, wa mu ofesi." Ine bisiketi inanditsamwitsa. Kuyambira pamenepo aliyense ankawaitana a Injiniya, inenso ndinasanduka mayi Injiniya osafunsidwa.

Bodzalo silinkapweteka munthu, ndiye ndinalisiya. Kupatula apo, a Gibson ndi munthu wamtima wabwino. Okalamba aamuna amakana kumetedwa ndevu ndi wina aliyense, amadikira iwo.

Chaka chatha kunabwera kalata ndi kabotolo koyezera chimbudzi, komwe amatumizira anthu opitirira zaka makumi asanu. A Gibson anati sangatumize zonyansa pa positi ngati wamisala. Ndinawavutitsa sabata ziwiri mpaka anagonja. Munapezeka magazi. Kuchipatala anawalowetsa kachubu ka kamera n'kupeza timinofu titatu tomera m'matumbo. Tiwiri anadula pomwepo, koma kachitatu kanali kakakulu, kumunsi kwenikweni. Dokotala anati kakhoza kukhala khansa, ndipo asanachite opaleshoni ayenera kuwajambula pa makina a MRI kuti aone kalowa mkati motani.

Tsiku lojambulalo, amene anabwera ndi fomu ya mafunso anali Asimenye, nesi woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Anatifotokozera kuti makinawo ndi maginito wamphamvu kwambiri. Kachitsulo kalikonse kotsalira m'thupi kamasuntha, ndipo kakakhala m'diso munthu akhoza kutuluka ali wakhungu.

"A Injiniya, munagwirako ntchito ya welding kapena yodula zitsulo? Any metal m'maso?" anafunsa Asimenye.

"No, mwana wanga," anatero a Gibson. "Ine zanga zinali za mu ofesi."

Ndinakumbuka tsiku lina ku Ndirande pomwe anabwera kunyumba atagwira diso ndi kansalu, lili psuu. Ndinawatsuka ndi madzi amchere, m'mawa n'kubwerera kuntchito, kuchipatala osapondako. M'chipindamo ndinawaponda phazi kuti anene zoona. Iwo anangolichotsa n'kumayang'ana khoma. Asimenye anali atayamba kale kuchonga.

"Ima kaye, Asimenye," ndinatero. "Bambowa akunama. Anawotcherera zitsulo twenty years, ndipo diso lamanzereli linavulalapo."

"Eneless!" anandikalipira a Gibson.

"Mundikalipira kunyumba, bambo a Chiletso, muli ndi maso onse awiri."

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu wamkulu wandevu zoyera kulolera kutaya diso chifukwa chochita manyazi ndi mwana woti n'kumubereka! Koma nditaona mmene anazyolikira, chisoni chinandigwiranso. Asimenye sanaseke, ngakhale kudabwa sanadabwe. Anafufuta pomwe anachonga n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mwachita bwino. Bambo, tiyambe kaye X-ray ya maso. Ndipo zam'chipinda muno zimathera muno."

Ekisireyo inaonetsa kachitsulo kochepa ngati njere ya mchenga, kobisala mkati mwa chikope. Dokotala wa maso anakachotsa patapita masiku asanu ndi atatu. Masiku onsewo a Gibson sankandilankhula. Chakudya ankadya, mbale ankatsuka, koma mawu ayi. Inenso ndinali ndi mantha anga, poti pakamwa pangapa panachedwetsa kujambula, chotupacho chikadali m'mimba.

Anawajambula ndithu, mphindi makumi anayi ali gone m'makina aphokoso aja. Patapita sabata dokotala anatiitana n'kutionetsa zithunzi. Inalidi khansa, koma yongoyamba kumene, isanaboole khoma la thumbo. Anati opaleshoni yokha ikwanira, ndipo pambuyo pake zinaterodi. Ndimathokoza Mulungu, ndimathokoza madokotala, koma Asimenye ndimamuthokoza mwapadera. Mpaka lero palibe wakutchalitchi amene anamva kanthu kuchokera kwa iye.

Tsiku lomwe tinamva zotsatiralo tinakwera basi yobwerera kunyumba. Titadutsa sitolo zingapo, ndinaona a Gibson atatseka diso lamanzere ndi chikhatho, akuyang'ana kunja ndi limodzi. Anakhala choncho mpaka basi inaima pa maloboti.

"Mukutani?" ndinawafunsa.

"Ndikuona mmene zikanakhalira." Anachotsa dzanjalo pankhope. "Munandichititsa manyazi, Eneless."

"Eya, ndinakuchititsani."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso onse awiri ali ndi misozi.

"Ndikadzayambanso zopusa ngati zimenezi," anatero, "musadzavutike n'kundiponda phazi. Mudzangolankhula."