Mizere ya Phulusa ku Makhanga

Sendererani pafupi, ana inu, musiye kaye kukangana za mpira wanuwo. Mpikisano mukuutchulawo ine ndinaudziwa ndi mapazi angawa.

Chinali chaka chimene Shire anasefukira n'kubwerera. Makhanga yense ankanunkha matope ndi nsomba zowolera m'mabango, nthaka itang'ambika ngati zidendene. Ine kusukulu sindinkapita. Ntchito yanga inali yoingitsa mbalame m'munda wa mapira, kuthamanga uku ndi uko, sitima n'kumangoimvera kulira patali.

Tsiku lina aphunzitsi a Zuze analengeza mpikisano wothamanga wa atsikana onse, ndi akumudzi omwe. Wopambana akwera sitima kukathamanga ku Nsanje. Mawu akuti mpikisano ndinali ndisanawamvepo, ndiye ndinafunsa amayi.

"Si kupikisana komwe timachita pamitondo kuja? Woyamba kutsiriza ndiye mkazi," anatero. "Ndoko, mwananga, ukawasiye m'fumbi."

Pabwalo anali atathira mizere ya phulusa. Ine ndinayesa zokongoletsa, popeza panalibe anandiuza kanthu. Wenzulo italira ndinauluka. Kutsogolo kwanga kunali minga yambirimbiri, ndipo ndinailambalala monga achitira munthu aliyense wopanda nsapato. Pachingwe chomalizira ndinafika ndekha. Esinati, mwana wa kalaliki, anali akadali kutali, ali wefuwefu.

"Iwe, wadutsa mzere. Choka apa," anatero a Zuze, nakweza dzanja la Esinati.

"Kodi mzerewo umathamanga nawo?" ndinafunsa. Anthu anaseka, iwo n'kundipotokola khutu.

Amayi anatulukira m'khamumo, nsalu itamangidwa m'chiuno. "Aphunzitsi, phulusa munathira. Nanga mingayo tsache linakukanani?" A Zuze anangoyang'ana kumbali, bambo wathunthu, tayi ali pakhosi!

Nthawi imeneyo ndinkati andibera sitima chifukwa chodana nane. Pano ndimadziwa kuti lamulolo linalipodi, koma analiuza ana a m'kalasi okha. Ife akumunda anatiitanira kudzaza bwalo, ndipo zimenezi n'zimene zimandiwawa koposa.

A Zuze anakalamba n'kubwerera kwawo, amayi osawapatsanso moni mpaka imfa. Esinati ku Nsanje anakakhala wotsiriza. Anakwatiwa kwa Katunga, ndipo tikakumana pamaliro amayamba ndi iyeyo kuyang'ana pansi. Ine ndinabereka makolo anuwa, ndipo sitima ija inasiya kuyenda ndisanaikwere.