Makina Achiwiri Pansi pa Masitepe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinanenerera malonda amene mpaka lero ndimalakalaka ndikanagonja. Wotsutsana naye anali bambo anga ondibala, ndipo katundu wake anali kachipinda ka pansi pa masitepe m'nyumba yathu ya lendi ku Oshawa.

Bambo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Asanabwere ku Canada anali mlonda wa nyama zakutchire, ndiye anzawo a kuntchito atawatengera kosaka agwape, mtima wakale unadzuka. Anatenga chiphaso cha mfuti, kenako n'kuphunzira kudzikonzera okha zipolopolo, kudzazanso makoko amene aombera kale. Mfuti ndi onga zinkakhala m'makabati okhoma, makiyi ali m'chiuno mwawo. Zina zonse zinkapanikizana m'kachipindako: tebulo lopapatiza, makina apamanja okanikizira, kasikelo, ndi zitini za khofi zodzaza makoko amkuwa. Munkanunkha mafuta a makina ndi simenti yachinyezi. Munthu wamtali ngati iwo ankalowamo chowerama, ndipo amayi akamatsika masitepe fumbi linkathothokera bambowo m'mutu.

Chaka chimenecho anagula makina achiwiri, akale koma abwino, pamodzi ndi sikelo yake ndi kampando. Amayi atafunsa, anati n'zongosungira, mwina zoyambazo zingathyoke. Tonse tinkadziwa kuti chitsulo chotero sichithyoka. Kampandoko kanali ka msinkhu wanga ndendende. Azibambo a kwathu sanena kuti mwana wanga bwera udzakhale nane. Amangokonza malo, n'kumatsokomola ukamadutsa.

Inenso maso anga anali pa malo omwewo, koma pa chifukwa china. Ndinali nditayamba geni ya nsapato. Loweruka ndinkazungulira m'makomo mwa anthu amene ayala katundu wawo wakale panja, kugula nsapato zamasewera, kuzikwecha ndi mswachi, n'kukagulitsa kusukulu. Chipinda ndinkagona ndi mng'ono wanga, ndipo amayi anali atalengeza kale kuti sadzafera fungo la mapazi a anthu osawadziwa. Katundu wanga ankafuna nyumba.

Ndinawapeza bambo Lamlungu masana akupukuta makoko.

"Adadi, makina awiri, koma manja ndi omwewo. Enawa akungodya malo."

"Akudya malo a ndani?"

"A munthu wa chitukuko."

Anaseka mpaka kugunda mutu ku sitepe. "Ndiye a bizinesi abwera kudzandisamutsa? Chabwino. Nsapato zanuzo ikani kunsi kwa tebulo. Inuyo mukhale apa, muzindiwerengera sikelo. Maso angawa ayamba kunama."

Kumeneko kunali kupempha, ndipo ndinamva bwinobwino. Koma ndinali nditaphunzira kale lamulo loyamba la wonenerera: chimene akukupatsa usachiyang'ane kawiri. Ndinakwinya nkhope ngati andionetsa nsapato yobooka. Ndinati zimenezo n'zachikale, zipolopolo amagulitsa kusitolo, nanga munthu n'kutayiranji Lamlungu lonse m'dzenje ngati mbewa. Kenako ndinatembenuka ngati ndikuchoka, monga ndinkachitira ndi azimayi a m'makomo aja, khutu lili m'mbuyo kudikira kuti andiitane ndi mtengo wabwinopo. Mumtima ndinkafuna zonse ziwiri, shelefu ya nsapato pamalo pa makina achiwiriwo, ndi kampando. Ndinkangofuna shelefu iyambe yabwera.

Sanandiitane. Chimene ndinamva ndi sipanala ikumasula mabawuti.

"Mwawina, achimwene," anatero osandiyang'ana. "Tengani mbali yonseyo."

Tinanyamula limodzi makinawo, sikelo ndi kampando kukaika m'shedi ya kuseri. Anazipaka mafuta, n'kuzifunditsa chibulangete chakale. Koma denga la shediyo linkadontha, ndipo chisanu cha kuno sichiopa mafuta. Chipale chofewa chitasungunuka tinakavundukula, n'kupeza dzimbiri litadya makinawo mpaka chogwirira chake chosasuntha. Bambo anachikoka kawiri, n'kupukuta manja pa buluku, basi. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa munthu wokalipa umatha kumuyankha, nkhani n'kuyambiranso.

Geni ya nsapato inafa chaka chisanathe, aphunzitsi atailetsa, ndipo wa chitukuko uja anatsala ndi shelefu ya akangaude. Ndinkadutsa pa masitepe n'kumamva makina a bambo akulira pansi pa mapazi anga, kwee, kwee, pang'onopang'ono. Kutsika n'kukanena kuti ndasintha maganizo kunali kwa ulere, koma mtengo umenewo unandikulira. Iwonso sanagulenso makina ena.

Lero ndimagulitsa magalimoto akale ku Scarborough, ndipo anzanga amati ndikhoza kunenerera ngakhale chopereka cha kutchalitchi. Bambo manja anayamba kunjenjemera, mfuti anagulitsa, zida zotsala anapatsa mnzawo wosaka naye. Ndikapita ku Oshawa timakhala pabalaza n'kumakamba za nyengo ndi misewu, mwaulemu kwambiri, ngati anthu amene akumana podikira sitima.

Chimene ndachimvetsa mochedwa n'chakuti kunamizira kusafuna kumagwira ntchito kwa munthu amene akudziwa kuti mukusewera. Wamalonda amadziwa, n'chifukwa chake amakuthamangira ukafika pa geti. Bambo anga sanali wamalonda. Mwana wawo atawauza kuti sakufuna kukhala nawo, anamukhulupirira.