Amayi Estela Anatambasula Dzanja

Akhristu anzanga a ku Katondwe, ambiri munkawaona amayi Estela Mpande ali pamsewu, koma ndi ochepa amene akudziwa chimene chinkawayendetsa.

Anabadwira kwa Mphuka, m'banja la asodzi, ndipo mapemphero anawaphunzira ali kamtsikana, akuyanika nsomba ndi amayi awo. Atakwatiwa ndi bambo Dismas, malungo anawalanda ana awiri. Anapirira. Koma mu 1993 mdzukulu wawo Wongani anamwalira ndi malungo atamwa mankhwala onse a kolokwini monga anauzidwira, ndipo kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso pansi. Khasu ankalisiya pakati pa mzere. Akamva kuti kwinakwake mwana watentha thupi, ankatenga njinga, kukamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni. M'tchalitchi ankagwada pafupi ndi khomo. "Ambuye, sindikukutsutsani," ankatero, "koma mankhwala aja analephereranji?"

Mu 1997 kunabwera ofufuza ochokera ku Lusaka. Mtsogoleri wawo, a Benedict, anauza anthu kuti kachilombo ka malungo kasintha, ndipo akatswiri akunja ayamba kuwerenga chibadwa chake chonse kuti apeze pokagonjetsera. Ofufuzawo ankapempha timadontho ta magazi a odwala, kuti aone mmene ka kuno kasinthira.

"Akamunyama awa, opopa magazi!" anakuwa munthu wina. Ena anayamba kutola miyala.

Tsikulo amayi Estela nawonso anali ndi malungo. Anayandikira akunjenjemera m'chitenje.

"Mwati kamene kanapha mdzukulu wanga kali m'thupi muno?"

"Mwina m'bale wake, amayi."

"Nanga mankhwalawo adzapezeka liti?"

A Benedict sananame. "Mwina ine ndi inu sitidzawaona."

Amayiwo anachita chizindikiro cha mtanda, natambasula dzanja. "Tengani. Kanadya pakhomo panga, kapite kakayankhe."

Miyala inagwa pansi, koma mlandu unatsalira amayi Estela. Kumjigo amayi anzawo ankasuntha zidebe. Chowawa koposa, ena anayamba kuwabisira ana odwala. Sanakalipire munthu. Ankaima kunja kwa mpanda, padzuwa, mpaka mayi wa mwanayo atagonja. Akafika kuchipatala ankafunsa ngati kwabwera mawu ochokera ku Lusaka. Sanabwere.

Mu 1999, mvula itangoyamba, mphamvu zinawathera. Atalandira masakramenti, anaitana mwana wawo Adelina.

"Kwa a Febbie kuli khanda lotentha thupi. Nyamuka."

"Amayi, ndikusiyeni chonchi?"

"Ine ndili ndi wondiperekeza. Khandalo lilibe."

Adelina anapalasa njinga akulira. Pobwerako dzuwa litapendeka, anapeza amayi ake atamwalira kale, korona ali m'manja, nkhope ili phee ngati munthu amene wangogona.

Khandalo linachira. Ndi Mercy uja amayimba kutsogolo m'kwaya ya ana. Mukamumva Lamulungu, muwapempherere amayi Estela.